Kukaphunzitsa Chingerezi kunja: mmene mungawerengere ndalama zake musanagule tikiti

Aphunzitsi ambiri akangomva zoti kunja kukufunika anthu ophunzitsa Chingerezi, funso loyamba limakhala loti amalipira zingati. Nde wina amaponya kachithunzi pa gulu la WhatsApp kolembedwa madola 2,500 pamwezi nyumba yaulere, aliyense nkutenga foni kuchulukitsa ndi K1,750 ya ku banki ija, ena amachulukitsa ndi mtengo wa pamsika wakuda kuti mtima ugunde bwino, basi tulo osabweranso. Ndalamazo ziliko ndithu, sikuti zonse ndi bodza ayi, koma nambala ya pachithunzi ija nthawi zambiri si yanu. Yanu imadalira pasipoti yomwe muli nayo, mapepala omwe mwanyamula, komanso zomwe viza yanu ikukulolani kuchita mukaweruka. Ndipo olo salale ikhale yaikulu bwanji, chofunika kuwerenga ndi zomwe zizitsala mthumba mwezi ukatha.

Yambani ndi pasipoti, chifukwa apa mpamene anthu amataya miyezi akutumiza ma CV kumalo komwe sangawatenge olo atasala kudya. Tengani South Korea. Sukulu zaboma kumeneko kudzera mu pulogalamu ya EPIK zimapereka ma won opitirira 2 miliyoni pamwezi, nyumba amakulipirira, ukamaliza chaka amakuwonjezera salale ya mwezi umodzi, nde anthu amasunga ndalama zooneka ndithu. Koma viza yophunzitsira chiyankhulo, ya E-2, pa Chingerezi imapita kwa nzika za America, Canada, UK, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa, ndipo digiri nayo iyenera kuchokera m'maiko omwewo. Malawi mulibemo, Zambia mulibemo, Zimbabwe chimodzimodzi. Kaya muli ndi masitazi ya ku Chancellor College, kaya mumathyola chizungu kuposa mwana wobadwira ku London, khomo limenelo ndi lotseka. Abale athu a ku Joni omwe anatenga unzika wa South Africa nkuphunziranso yunivesite konko atha kuyesa, koma pemiti yokhalira si unzika, musasokoneze.

China nayo inkameza aphunzitsi ambirimbiri mpaka mu July 2021 pomwe boma lakumeneko linaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa ana maphunziro akusukulu akaweruka, ndipo makampani ngati VIPKid omwe ankalemba aphunzitsi akunja zikwizikwi kuti aziphunzitsa ana a ku China pa intaneti anasiya geniyo. Ntchito m'masukulu zilipobe ndipo zimalipira bwino, koma yogwirira ntchito ndi viza ya Z basi, ndipo kuti munthu wa pasipoti yathu apatsidwe chilolezo ngati mphunzitsi wa Chingerezi nzovuta kwambiri. Ejenti akakuuzani kuti bwerani pa viza ya bizinesi kapena ya sukulu tikonza konkuno, mukaneni. Apolisi amayendera masukulu a mkaka, ndipo wokagona m'chitokosi nkuthamangitsidwa ndi mphunzitsi, ejenti amangosintha nambala ya foni.

Japan ndi yosiyanako, ndipo ine ndimaona kuti Amalawife sitimaiganizira mokwanira. Pa viza yophunzitsira m'sukulu iwo sayang'ana kwambiri dziko lomwe wachokera, amafuna digiri ndi umboni woti unaphunzira m'Chingerezi kwa zaka 12, nchifukwa chake m'makalasi mwawo mwadzaza aphunzitsi a ku Philippines, Jamaica ndi maiko ena a kuno ku Africa. Ambirife sitandade 1 mpaka 4 tinaphunzira m'Chichewa, nde yambirani kuwerenga pa sitandade 5, onjezani folomu 1 mpaka 4 ndi zaka za ku koleji, kenako yendani m'masukulu monse munadutsamo akakulembereni makalata achidindo otsimikiza kuti maphunziro ankachitika m'Chingerezi. Ntchito imeneyi imadya nthawi, ahedi ena akuuzani kuti mubwere mawa mpaka kalekale, nde yambani msanga. Pa ndalama, pulogalamu yaboma ya JET yomwe inayamba mu 1987 ndiyo imalipira bwino, kuyambira 2025 chaka choyamba ndi ma yen 4.02 miliyoni, kutanthauza 335,000 pamwezi asanadule msonkho ndi penshoni, koma imatenga anthu kudzera m'maofesi a kazembe wa Japan m'maiko omwe ali pa mndandanda wake, ndipo South Africa ndi yomwe imatumiza ambiri kuno kummwera. Ena onse amalowera m'makampani otumiza aphunzitsi m'masukulu, omwe amapereka cha m'ma 200,000 mpaka 250,000 pamwezi, ndipo ambiri amadula salale mu August sukulu zikatseka. Yen inagwa, ili cha m'ma 150 pa dola imodzi, nde ndalamayo ndi madola pafupifupi 1,300 mpaka 1,700, lendi muzilipira nokha.

Komwe anthu a mapasipoti ngati athu amalowa ambiri ndi Thailand, Vietnam ndi Cambodia. Ku Thailand bungwe la aphunzitsi la Khurusapha limafuna kuti munthu wosachokera m'maiko a eni Chingerezi akhale ndi 600 kapena kuposa pa mayeso a Chingerezi a TOEIC, pamwamba pa digiri, kenako viza ya Non-B ndi pemiti yogwirira ntchito. Apa nde pali chinthu chowawa chomwe muyenera kuchidziwiratu. Sukulu imodzi yomweyo, makalasi omwewo, mzungu amapatsidwa ma baht 30,000 mpaka 40,000 pomwe mphunzitsi wa ku Philippines kapena wa ku Africa amapatsidwa 18,000 mpaka 28,000, ndipo amalemba poyera pa zolengeza ntchito popanda manyazi. Ena amafuna chithunzi kaye asanaone satifiketi iliyonse, ndipo mukudziwa kale chomwe akufuna kuona pachithunzipo. Vietnam imalipira bwinoko, m'masukulu a chiyankhulo a ku Hanoi ndi Ho Chi Minh City ola limodzi limayenda madola 15 mpaka 25, ife nthawi zambiri timayambira kumunsiko, ndipo ntchito yake ndi yamadzulo, Loweruka ndi Lamulungu, pomwe ana aweruka ku sukulu zawo. Cambodia ndiyo yofewa pa mapepala koma nayo ndalama ndi yofewa, ku Phnom Penh ambiri amapeza madola 800 mpaka 1,200.

Maiko achiluya monga UAE, Saudi Arabia ndi Qatar ndi omwe amapindulira mphunzitsi weniweni, yemwe ali ndi digiri ya zauphunzitsi ndi zaka ziwiri kapena kuposa akugwira choko. Salale sidulidwa msonkho, ndipo ndalama zawo zinamangiriridwa ku dola, dirham ili pa 3.67, riyal ya Saudi pa 3.75, nde simudzuka mmawa nkumva kuti yagwa ndi 44 peresenti ngati mmene inachitira Kwacha mu November 2023. Koma kusiyana kwa malipiro kumeneko nkoopsa. Masukulu otchipa amapereka ma dirham 3,500 kapena 4,000 popanda nyumba, masukulu akuluakulu a silabasi ya Cambridge kapena IB amafika 12,000 ngakhale 15,000 nyumba ndi tikiti ya ndege pamwamba. Nde mukamva mnzanu akuti ndili ku Dubai musafulumire kusilira, mufunseni kaye akugona anthu angati m'chipinda.

Za UK ndinene mwachidule. Mphunzitsi woyamba kumene m'sukulu zaboma ku England anafika pa £30,000 pachaka mu 2023 ndipo yakwerabe kuchokera pamenepo, koma pamafunika QTS, chiphaso chovomereza munthu kukhala mphunzitsi kumeneko. Mu 2023 anatsegula njira yoti aphunzitsi a ku Zimbabwe, South Africa, Ghana, Nigeria ndi maiko ena ochepa azipempha QTS ali kwawo, makamaka a masamu, sayansi ndi ziyankhulo zakunja. Malawi ndi Zambia sizinali pa mndandandawo, ndipo kunena zoona England sikusowa aphunzitsi a Chingerezi ngati mmene ikusowera a fizikisi.

Osaiwalanso pakhomo pompa. Ku Mozambique anthu amaphunzira m'Chipwitikizi koma ntchito za m'migodi ya malasha ku Moatize, m'mabungwe ndi pa madoko zimafuna Chingerezi, nde ku Tete, Beira ndi Nampula kuli anthu akuluakulu ofuna wowaphunzitsa, ndipo ku Tete ndi ku Angonia mutha kufotokoza zovuta m'Chichewa chomwechi ophunzira nkumva. Rwanda inasintha kuyamba kuphunzitsa m'Chingerezi mu 2008, ndipo mu 2022 inatenga aphunzitsi opitirira 150 ku Zimbabwe pa mgwirizano wa maboma awiriwa. Ku South Africa satifiketi zanu ziyenera kudutsa ku SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, kenako mulembetse ku SACE, bungwe la aphunzitsi. Ndalama za m'chigawo chino sizingafike pa za Dubai, koma tikiti yake ndi ya basi, ndipo kukagwa maliro kumudzi mumafika mwambo usanathe.

Tsopano mapepala. Digiri ndiye nsanamira, pafupifupi maiko onse ndatchulawa sapereka pemiti kwa munthu wa T2 kapena dipuloma, nde ngati muli pamenepo ndalama zomwe mukusungira tikiti kalipireni kaye fizi, kaya ku Mzuni pa maphunziro a patali aja, kaya ku Domasi, kaya kwina kulikonse kovomerezeka ndi NCHE. Pamwamba pa digiri pamafunika satifiketi yophunzitsira Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina. Ma TEFL a maola 120 a pa intaneti alipo otchipa mpaka madola 20, amathandiza kudzaza fomu ya viza basi, koma olemba ntchito ozindikira amawadziwa. Yolemera ndi CELTA ya Cambridge, imatenga masabata 4 kapena 5 ukamaphunzira tsiku lonse, muli maola 6 ophunzitsa anthu enieni wokuphunzitsayo atakhala kumbuyo akulemba zolakwa zako, ndipo mtengo wake umadutsa madola 1,000, malo ena kufika 2,000. Imachitika ku Johannesburg ndi Cape Town, komanso masiku ano pa intaneti. Ndi yodula shuwa, koma kwa munthu yemwe pasipoti ikumugwetsa kale, ili ndi pepala lomwe limapangitsa wolemba ntchito kuwerenga CV mpaka kumapeto. Lembaninso mayeso a Chingerezi a IELTS kudzera ku British Council, mukapeza 7.5 kapena 8 iikeni pamwamba penipeni pa CV, ingokumbukirani kuti imagwira ntchito zaka ziwiri zokha nde musailembe musanakonzeke kunyamuka.

Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu itengeni kumapeto chifukwa maiko ambiri safuna yopitirira miyezi 6. Malawi ili mu mgwirizano wa chidindo cha apostille chotsimikizira kuti mapepala anu ndi enieni, chomwe Japan, South Korea, Saudi Arabia komanso China kuyambira November 2023 amachivomera, pomwe UAE imafuna kuti mapepala adutse ku unduna wa zakunja kenako ku ofesi ya kazembe wawo. Maiko angapo alibe kazembe ku Lilongwe, zomwe zikutanthauza kutumiza digiri yanu yeniyeni ku Pretoria kapena Nairobi pa DHL nkumadikira mtima uli m'mwamba. Zonsezi ndi ndalama, zilembeni.

Chinanso chomwe sitikonda kuuzana ndi katchulidwe. Palibe akufuna kuti muziyankhula ngati wa pa BBC, koma l ndi r timazisakaniza, ndipo timakonda kuwonjezera i kumapeto kwa mawu. Kunoko palibe amadabwa nazo, koma ku Japan ophunzira anu vuto lawo lalikulu ndi l ndi r yemweyo, nde makolo amatchera khutu. Dzijambuleni pa foni mukuwerenga ndime imodzi, mverani, konzani, jambulaninso. Masukulu ambiri amafuna kavidiyo ka mphindi imodzi kapena ziwiri kodzifotokoza, ndipo kameneko nkomwe kamakulowetsani kapena kukutulutsani intavyu isanachitike. Imani pamalo owala, khoma loyera kumbuyo, yankhulani pang'onopang'ono, mwetulirani, ndipo dikirani tambala wa aneba amalize kaye kulira.

Mukalandira ofa, tengani pepala ndi cholembera. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Thailand m'tauni yaing'ono, ma baht 25,000 kudzera kwa ejenti. Funsani kuti amalipira miyezi ingati pachaka, chifukwa sukulu zimatseka kuyambira March mpaka pakati pa May komanso mu October, ndipo maejenti ambiri amalipira miyezi 10 yokha. Nde 250,000 pachaka mukaigawa pa miyezi 12 ndi 20,800. Chotsani lendi 5,000, magetsi ndi madzi 1,500, chakudya 7,000, mayendedwe ndi foni 2,000, mwatsala ndi 5,300, madola 150 ndi kanthu. Yachiwiri ndi ya ku Sharjah, ma dirham 6,000 nyumba akupatsani, miyezi yonse 12. Chakudya 1,200, mayendedwe ndi foni 600, zina ndi zina 700, mwatsala ndi 3,500, pafupifupi madola 950. Koma ofa yomweyo ikakhala yopanda nyumba, chipinda chokha chitha kudya 2,500 kapena 3,000, basi mwatsala ndi ya sopo. Kenako werengani zomwe muwononge musanalandire kalikonse, tikiti, zidindo, mayeso, dipoziti ya nyumba, chakudya cha miyezi iwiri yoyamba poti malo ambiri salale yoyamba imachedwa. Zikakwana madola 2,500, pa ofa yoyamba ija mugwira miyezi 16 kungobweza zomwe munalowetsa, pa yachiwiri miyezi 3 sikwana. Ndipo ngati ndalama yoyambirayo mwaitenga pa katapila, ofa yoyambayo ingoisiyani. Pa zotsalazo muikeponso mzere wa kumudzi, chifukwa tsiku lomwe mudzaponye chithunzi muli pa bwalo la ndege ndi tsiku lomwe fizi ya ana a achemwali idzakhale yanu.

Nchifukwa chake aphunzitsi ambiri kunjako amadalira patitaimu, kuphunzitsa anthu paokha akaweruka, ndipo ena amasiyiratu sukulu nkumadya za patitaimu zokhazokha. Ndalama yake pa ola ndi yokoma. Mitengo yomwe imaoneka kawirikawiri ndi £25 mpaka £40 ku UK, ma dirham 100 mpaka 200 ku UAE, ma yen 2,500 mpaka 3,500 ku Japan komwe ambiri amakumana m'malo omwera khofi, ma baht 300 mpaka 600 ku Thailand, ndi R150 mpaka R350 ku South Africa. Koma musanalandire kobiri la munthu, werengani viza yanu. Ku South Korea wa E-2 akagwidwa akuphunzitsa payekha amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kuthamangitsidwa. Ku Thailand ndi China pemiti imamangiriridwa kwa bwana mmodzi. Ku Japan ntchito yosagwirizana ndi viza yako umayenera kukaipemphera chilolezo ku imigireshoni, ndipo ana asukulu amaloledwa maola 28 pa sabata. Ku UK nde anthu athu ambiri amagwa m'mbuna mosadziwa, viza ya sukulu imalola maola 20 pa sabata olembedwa ntchito, koma kudzilemba wekha ntchito nkoletsedwa, ndipo kuphunzitsa mwana wa aneba nkumalandira ndalama m'manja ndi kudzilemba wekha ntchito kumeneko. Omwe viza yawo ikulola, konzani DBS, kalata yosonyeza ngati muli ndi mlandu kapena ayi, chifukwa makolo amaifunsa, ndipo mukadutsa £1,000 pachaka kalembetseni ku HMRC, bungwe lawo la misonkho. UAE inachita bwino, mu December 2023 inakhazikitsa pemiti ya aphunzitsi apadera, yaulere, ya zaka ziwiri, nde kumeneko palibe chifukwa chobisalira. Onaninso kontirakiti, masukulu ambiri amaletsa kuphunzitsa ana a pasukulu pomwepo mwamseri.

Poika mtengo musawerenge ola lophunzitsa lokha. Mukalandira £30 koma mwayenda mphindi 40 kupita, 40 kubwerera, kuwonjezapo theka la ola lokonzekera, mwagwira pafupifupi maola atatu, chotsaninso ya basi, mupeza kuti wotsuka mbale mu lesitilanti wakuposani. Nde sankhani dera limodzi muzidzaza ophunzira oyandikana, kapena azibwera komwe muli, kapena muziphunzitsa pa Zoom. Gulu laling'ono limalipira kuposa munthu mmodzi, ana atatu aliyense akapereka theka la mtengo wanu mwapeza kamodzi ndi theka pa ola lomwelo ndipo makolo akuona ngati mwawachitira chifundo. Azilipiriratu maphunziro 4 kapena 8 musanayambe, ndipo uzani aliyense tsiku loyamba lomwelo kuti wolephera kubwera osanena kudakali maola 24 ndalama yake yapita. Ife tinaleredwa ndi manyazi pa nkhani ya ndalama, timati aaa musadandaule mudzapereka, koma kunjako lendi sadikira, ndipo chodabwitsa nchoti makolo amalemekeza kwambiri mphunzitsi wa malamulo kuposa wa chisoni.

Chomwe chimakweza mtengo kwambiri ndi kusankha mbali imodzi nkuidziwa bwino. Wophunzitsa kucheza m'Chingerezi basi akupikisana ndi dziko lonse, ndipo pamenepo mzungu wopanda satifiketi iliyonse amakupambanani ndi nkhope yokha. Koma wokonzekeretsa anthu mayeso amagulitsa zotsatira. IELTS, IGCSE, Chingerezi cha kuntchito, kulemba malipoti, kukonzekera intavyu. Anamwino ofuna kukagwira ntchito ku UK amayenera kupeza 7 pa IELTS ndi 6.5 pa kulemba, kapena B pa OET, mayeso a Chingerezi a ogwira ntchito zachipatala, ndi C+ pa kulemba, ndipo ambiri amagwa pa kulemba komweko mobwerezabwereza nkumalipiranso mayeso odula. Munthu wotero sasamala kuti mwachokera ku Ntcheu kapena ku Manchester, akufuna wina woti amuonetse chifukwa chomwe nkhani yake ikungothera pa 6. Ndipo apa ife tili ndi mwayi womwe eni chiyankhulo alibe, galamala tinachita kuiphunzira pa bolodi, timadziwa kuifotokoza, pomwe iwo ambiri amangoti zimamveka bwino choncho. Akakhoza awiri atatu, apempheni alembe mawu ochepa okuyamikirani, ena onse azibwera okha kudzera pakamwa. Dziwaninso kuti geni imeneyi ili ndi nyengo. Mayeso a IGCSE akamayandikira mu May ndi June foni siima, koma July ndi August ku maiko achiluya mabanja amathawa kutentha, pa zikondwerero za chaka chatsopano, Tet ku Vietnam ndi Songkran ku Thailand, aliyense ali kumudzi, nde ndalama ya miyezi yokoma muziigawa pa chaka chonse.

Kuli njira ina yomwe simufunika viza, kuphunzitsa anthu akunja pa intaneti muli ku Area 25 kapena ku Chipata. Cambly imalipira masenti 17 a dola pa mphindi, omwe ndi $10.20 pa ola, ya ana masenti 20, koma amawerenga mphindi zomwe mwayankhula ndi wophunzira zokha, kudikira sikulipidwa. Pa Preply mtengo mumaika nokha, koma phunziro loyamba ndi wophunzira aliyense watsopano ndalama yonse imapita kwa iwo, kenako amadula 33 peresenti yomwe imatsika pang'onopang'ono mpaka 18 mukachulukitsa maola. Nde mukaika $10, m'thumba mukulowa $6.70, ndipo ngati anthu akungoyesa phunziro loyamba osabwereranso mukugwira ulere. Phunziro loyambalo likonzeni ngati intavyu, funsani chomwe munthuyo akufunira Chingerezi, mukonzereni zolakwa ziwiri zitatu zomwe aone kusintha pompo, pomaliza muuzeni zomwe mudzachite sabata yamawa. Makampani ena a ku Japan monga Engoo ndi Native Camp amatenga anthu a maiko ambiri mosavuta koma kwa omwe si eni chiyankhulo malipiro ndi madola ochepa kwambiri pa ola, ndi pophunzirira ntchito chabe.

Musanalembetse kulikonse onani kaye kuti ndalama muzilandira bwanji, ena amalipira pa PayPal pokha, ena amalola Payoneer kapena Wise, nde tsegulani akaunti nkutsimikiza kuti ikutha kulandira ndi kutumiza ku banki yanu musanaphunzitse olo ola limodzi. Magetsi a ESCOM mukuwadziwa, ndipo makampaniwa salekerera wophonya kalasi, amakutsitsa pa mndandanda kapena kukutsekera akaunti. Laputopu ya batire yolimba, inveta kapena sola, mahedifoni a maikolofoni, ndi manetiweki awiri, Airtel ikagwa mulumphire pa TNM. Starlink inafika ku Malawi mu 2023 ndipo aphunzitsi awiri atatu oyandikana atha kusonkherana. Nthawi nayo ili kumbali yathu, Japan ndi South Korea ali patsogolo ndi maola 7, China 6, Vietnam ndi Thailand 5, nde madzulo awo pomwe ophunzira amachuluka kuno ndi masana, ndipo a ku Saudi Arabia, Turkey ndi maiko ambiri a ku Ulaya timasiyana nawo ola limodzi kapena osasiyana nkomwe, omwewo nde oyenera munthu yemwe masana ali ku ntchito ina.

Kontirakiti muiwerenge yonse musanasaine, osati tsamba la salale lokha. Maola ophunzitsa ndi angati ndipo okhala mu ofesi ndi angati, chifukwa maola 25 a m'kalasi kuwonjezapo kukonzekera ndi kuchonga ndi sabata yodzaza kale. Holide imalipidwa kapena ayi. Viza, pemiti ndi inshuwalansi ya chipatala akulipira ndani. Mukasiya pakati pa chaka akudulani zingati. Ku UAE onetsetsani kuti besiki ndi zingati ndipo maalawansi ndi zingati, chifukwa ndalama yomwe amakupatsa pomaliza ntchito amaiwerengera pa besiki yokha, masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, nde mabwana ochenjera amaika besiki yaing'ono nkudzaza maalawansi. Pasipoti ndi yanu, bwana alibe ufulu woisunga olo anene kuti akukusungirani bwino.

Akathyali nawo ali pamzere womwewu. Sukulu yeniyeni siuza mphunzitsi kuti atumize ndalama pa Airtel Money kapena Western Union kuti imusungire malo, ndipo ntchito ya madola 3,000 yopanda intavyu, yopanda kufunsa digiri, si ya uphunzitsi. Anthu ambiri a ku Africa, makamaka a ku Ethiopia ndi Kenya, anaitanidwa ku Thailand ndi malonjezo a ntchito zabwino nkukathera kutsidya la malire ku Myawaddy, m'dziko la Myanmar, m'misasa yotsekeredwa yobera anthu pa intaneti, ndipo zikwizikwi anatulutsidwa kumeneko kumayambiriro kwa 2025. Odziwa Chingerezi ndi omwe amafunidwa kwambiri m'misasa imeneyo. Za azimayi athu omwe anavutika ku Oman nonse munazimva. Nde fufuzani dzina la sukulu pa Google Maps, imbani nambala ya pa webusaiti yawo osati yomwe wakupatsani ejenti, ndipo pemphani kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wakunja yemwe akugwira pomwepo panopa, bola akhale wa ku Africa. Mufunseni tsiku lomwe salale ya mwezi watha inalowa, ngati pemiti yake inatuluka asanayambe kuphunzitsa, ndi kuti yemwe mukukalowa m'malo mwakeyo anachokeranji. Akakana kukupatsani munthu woti muyankhule naye, pitirizani kutumiza ma CV kwina.